Utsi wa Amayi Pamwamba pa Malosa

Magetsi azimanso, ndiye kachifunga kaja kakuoneka kumpoto, pamwamba pa phiri la Malosa. Kusekondale akuti ndi mlalang'amba wina, nyenyezi zopiringizana ngati nkhata, kutali kosafikika. Koma amene anakasandutsa mudzi wa anthu ndine.

Amayi atamwalira, akuluakulu anauza mlongo wanga Esinati, kamwana kosayamba sukulu, kuti apita pa ulendo. Madzulo alionse ankandisowetsa mtendere: "Achimwene, apita kuti?"

Nditatopa ndinaloza kachifungako. "Uko! Suukuona utsi? Akuphika mpunga."

Anasiya kulira, ine n'kugona bwinobwino. M'mawa pamphasa pake panalibe munthu. Mudzi wonse unabalalika, azibambo akufufuza m'madzi ndi nsungwi. Anakamupeza m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi, mapazi ali minga yokhayokha, nkhope itatupa ndi udzudzu, atakumbatira mbale ya amayi.

"Anaiwala mbale yawo," anatero. "Adyera pati?"

Bambo anathyola nthambi ya bulugamu. "Iwe, mwana kumunamiza chonchi?" Anandikwapula mpaka masamba anatha. Ndinalirako pang'ono, mwaulemu chabe. Za ulendozo anayambitsa ndi iwowo. Ine ndinangoloza njira.