Ntchito Ndinasiya Ndekha

Achemwali anga atagwa ndi sitiroko, ine ndinali ku South Bend, ndikugwira ntchito panyumba yosamalira okalamba. Iwo ankakhala okha ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis, kutali ndi kumene ndinali. Ndiwo anandilera mayi athu atamwalira, ndiwonso anandiitanira ku Amereka. Potuluka m'chipatala, mkono ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, mawunso akutuluka movutikira.

Ndinapita kwa abwana anga kukapempha tchuthi chachitali. Anali mayi wachifundo, koma anandiuza kuti lamulo limamusungira munthu ntchito ngati wodwalayo ndi kholo lake, mwana wake kapena mwamuna wake. Mchemwali mulibemo. Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu wokulera ndiye mayi ako. Anangondigwira dzanja. Sabata yotsatira ndinatula pansi ntchito, n'kulongedza zovala m'galimoto.

Chinali chaka chija mafakitale ankatsekedwa, ntchito zikusowa paliponse. Amayi a kutchalitchi anandilangiza kuti ndipemphe thandizo limene boma limapereka kwa anthu amene ntchito yawathera. Ndinaapulaya, anandikana. Ndinachita apilo, ndipo mlandu unamvedwa pafoni m'mawa wina kunja kukugwa chipale chofewa. Ndinali m'khitchini, achemwali atakhala pampando wawo wamatayala pafupi ndi windo.

Woweruza anali bambo wolankhula mofatsa. Anafunsa ngati kuntchito anachita kundichotsa, ndinati ayi. Anafunsa ngati kuntchito kunali nkhanza kapena vuto la malipiro, ndinati ankandisunga bwino. Abwana aja analinso pafoni, ndipo anandiyamikira kuti ndinali wolimbikira.

"Ndiye kuti munasiya mwa kufuna kwanu?" anatero woweruzayo.

"Ndinasiya ndekha, koma sikunali kufuna," ndinayankha. "Panalibe wina woti n'kuwasambitsa."

Woweruzayo anati akumvetsa, koma chifukwa chosiyira chimayenera kuchokera kuntchito komweko, osati kunyumba. Chigamulo chitabwera sichinandidabwitse.

Achemwali anamva zonse zimene ndinayankha pafoni paja, ndipo Chingerezi ankachidziwa kuposa ine. Tsiku la mlandulo anakana kudya. Masana ndikuwadzoza mafuta m'miyendo, analimbana ndi lilime lawo mpaka liwu linatuluka.

"Bwerera."

Ndinawauza kuti malo anga alowapo kale wina. Sindinkadziwa ngati zinali zoona, koma anasiya kundiyang'ana, ine n'kupitiriza kuwadzoza.

Patapita nthawi ndinapeza ganyu wolongedza katundu m'golosale ina ku Lafayette Road, Loweruka ndi Lamlungu, masiku amene amayi a kutchalitchi ankatha kusinthana kudzakhala nawo. Achemwali anaphunzira kugwira supuni ndi dzanja lamanzere, ndipo ankakwiya ndikafuna kuwathandiza. Anatisiya chaka chotsatira, mitengo itangoyamba kuphuka. Pambuyo pa maliro ndinakhalabe m'nyumba yawoyo mpaka lendi itatha, chifukwa sindinkadziwa koti n'kulowera.