Njira Yokwera ku Kasupe wa Chiperoni

Linali Lolemba m'mwezi wa Meyi, dzuwa lisanatenthe, chaka chachiwiri titabwerako ku msasa wa othawa nkhondo wa ku Malawi. Abambo a parishi anandiitana ku mishoni nkundionetsa mlendo wa bungwe lina loona za nkhalango. Mlendoyo ankafuna munthu wodziwa Chipwitikizi woti alambule njira yokwera phiri la Chiperoni, kuti alendo azikaona kambalame kena kosowa, kofiirira kumsana, koyera pakhosi. Kamatsata linthumbwi nkumatola tizilombo tothawa. Anati katsala m'mapiri ochepa chabe.

Ndinavomera. Nkhalango imeneyo inasungidwa ndi nkhondo, poti anthu ankaopa mabomba okwirira. Ochotsa mabomba atadutsa nkupaka miyala utoto woyera posonyeza malo opanda mabomba, ine ndinatsata miyalayo ndi chikwanje mpaka pa kasupe pomwe kambalameko kankatera.

Pobwerera kwathu kuchokera ku msasa, tonse tinali titaphunzira lamulo limodzi: ponda pomwe mnzako waponda. Munthu sankapatuka ngakhale pofuna kutaya madzi. Choncho njira yangayo inakhala khomo lokhalo lolowera m'nkhalango mopanda mantha. Alendo odzaona kambalame aja sanaoneke, chifukwa milatho ya msewu wa ku Milange inali ikadali yogumuka. Amene anabwera ndi anthu a nkhwangwa.

Woyamba anali mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga. Anachedwa kubwerako ku msasa, ndipo anapeza munda wake utazunguliridwa ndi miyala yofiira, yosonyeza kuti mabomba akadali momwemo. Ndinamupeza akugwetsa mitengo pafupi ndi kasupe. Ndinamufotokozera za kambalameko, iye akunola nkhwangwa osandiyang'ana.

"Alamu, mwalambula bwino, tikuthokoza," anatero. "Koma kambalame kanuko kali ndi mapiko. Ana anga alibe."

Ena anamutsatira, aliyense kudula pomwe mnzake walekezera. Mu Okutobala anatentha mitengo yogwetsedwayo. Masamba onyowa a pansi anapsa, linthumbwi linasamuka. Ndinakhala pa kasupe masiku angapo osamva kulira kwa kambalameko. Mlendo wa bungwe atabweranso anaima paphulusa kanthawi, kenaka anandigwira dzanja nkunena kuti ntchito yathera pomwepo.

Mvula yoyamba itagwa, mkazi wanga anandiuza kuti mchimwene wake alibe mbewu, ndipo akuchita manyazi kundipempha. M'mawa mwake ndinatapa nyemba m'thumba lathu, ndinatenga khasu, nkukwera kukamuthandiza kubzala.