Wozonda Odwala wa ku Chifubu

Mukafika ku Chifubu n'kufunsa za Felistus Tembo, anthu adzangokuyang'anani. Nenani kuti amake Joel. Achikulire adzati, "Aja a fulasiki ya phala?" Achinyamata adzati, "Aja ba ejenti?" Onsewo akunena mayi mmodzi, wamfupi, woyenda motsimphina chifukwa cha maondo, amene masiku ano amakhala benchi lakumbuyo kutchalitchi.

Anabwera ku Ndola ali mtsikana kuchokera ku Katete, kutsata mwamuna wake Fanwell amene ankagwira ntchito ya kumgodi. M'basi imene anakwera munalinso mtsikana wina wa kwawo, Josephine, nayenso akutsata banja. Anagawana chinangwa chootcha panjira, ndipo ubwenzi wawo unayambira pomwepo. Nyumba anapeza mumsewu umodzi, ya Josephine ili pakona, ya mtengo wa mango kumbuyo. Chibemba anaphunzirira limodzi pamsika akusekana, koma akakhala awiriwiri ankabwerera ku chilankhulo cha kwawo. Anagwirana pobereka, analererana ana, ndipo amuna awo atamwalira analirana. Mukanamufunsa Felistus kuti chuma chake n'chiyani, sakanatchula nyumba kapena Joel, mwana wake wosowa ntchito uja. Akanatchula Josephine, amake Lorna.

Ntchito imene ankadziwika nayo inalibe malipiro. Mumphakati wa tchalitchi chawo cha Katolika, iye ndiye anali wozonda odwala. Munthu akangogona, m'mawa mwake Felistus watulukira ndi fulasiki ya phala la mgaiwa lothira nsinjiro, korona ili m'khosi. Sanali wa zopemphera ataima pakhomo n'kuthawa fungo ayi. Ankasambitsa, kutembenuza, kuchapa zofunda zimene ana a wodwalayo ankanyansidwa nazo. Ndipo wodwala sabisa kanthu kwa munthu womusambitsa. Felistus ankadziwa nyumba imene ana ake akungodikira kugawana, mayi wamasiye amene mtima uli kumudzi, bambo amene anabisa mapepala a nyumba pansi pa matiresi poopa mwana wake chidakwa. Zonsezi ankazisunga m'mimba, ndipo ankagona nazo ndi njala, poti tomato ndi kapenta zimene ankagulitsa pakhomo sizinkakwanira n'komwe kutseka denga lodontha.

Ronnie anamupeza pamaliro. Anali mnyamata wa ku Kitwe, wa nsapato zosongoka ndi mafoni awiri, woti mayi aliyense kwa iye ndi "mami". Anakhala pambali pake n'kumufotokozera bizinesi yake ngati akumuuza njira ya kumwamba.

"Ise sitigula nyumba, mami, ndalama tilibe. Tipeza chabe munthu wamene afuna kugulitsa mwamsanga. Timvana naye mtengo wapansi, tisaina pepala, ndiye tisakila wa ndalama wamene azagula pa mtengo wapamwamba. Zapakati ni zathu. Manje vuto yanga ni imodzi: nimamva mochedwa. Imwe mumamva poyamba."

"Ine ndine wa zamapemphero, mwanawe," anatero Felistus.

"Nanga kuthandiza ana amasiye kugulitsa nyumba si mapemphero?"

Nyumba yoyamba inalidi ngati thandizo. Mayi wina wamasiye ankalira tsiku ndi tsiku kuti akufuna kukafera kwawo ku Petauke. Felistus anangotchula dzina, Ronnie anachita zonse, mayiyo anakwera basi akuthokoza. Sanadziwe kuti wogula weniweni analipira zochuluka bwanji, ndipo Felistus sanafunse. Ndalama ya Felistus inabwera mu envulopu, n'kusanduka malata atsopano. Mvula ya chaka chimenecho anaimvera ali gone, osadzuka kukatchera mabeseni. Amene sanagonepo m'nyumba yodontha asamuweruze msanga.

Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Yachiwiri inabwera, yachitatu inatsatira, ndipo Felistus, poti mutu anali nawo, ntchito anaiphunzira. Anadziwa kuti mng'alu wopingasa ndi woopsa kuposa wotsika, kuti nyumba yapakona imakoka a mashopu, kuti malo a kumbuyo ndiwo amene ogula amafuna kuti amangepo tizipinda ta lendi. Anayamba kupita yekha kukaonetsa nyumba, atavala chitenje chabwino. Phala sanasiye. Chimene chinasintha ndi maso. Pakamwa pakuti "Tikuoneni Maria", maso ali kudenga kuwerenga malata. Anaiwala kuti wodwala alibe chochita china koma kuyang'ana nkhope ya womuzonda.

Josephine ndiye anamuuza poyera, tsiku lina akusenda mtedza pansi pa mango.

"Amake Joel, mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani chimodzi. Mukalowa m'nyumba ya wodwala, anthu adziwe kuti mwabwera ndi phala kapena mwabwera ndi tepi yoyezera."

Mawu amenewa anamulasa Felistus chifukwa anali oona. Anaimirira n'kukutumula chitenje.

"Inu muli ndi Lorna wa ku ofesi wokugulirani magetsi. Ine phala landifolerapo nyumba liti? Kaduka basi!"

Anachoka osatsanzika. Anali asanayambanepo chiyambire, choncho sankadziwa ndi kabwezedwe kake komwe. Aliyense anadikira mnzake.

Kenaka kunabwera nkhani ya a Sakala. Anali mkulu wopuma ntchito, wodwala chifuwa chosatha, ndipo Felistus ankamumwetsa phala ndi supuni. Anangomunong'oneza Ronnie kuti kumeneko zinthu sizili bwino, akonzeke. Ronnie, mwana wopanda mwambo, sanadikire. Anafika ndi wogula masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuyamba kuponda mapazi kumbuyo kwa nyumba, kuyeza. A Sakala anawaona pawindo ali pabedi. Akuti anangofunsa kuti, "Kodi ndafa kale?" Sabata isanathe anamwaliradi.

Pamaliro a anthu a kum'mawa, Abemba ndiwo eni bwalo. Ndi ambuya athu a chipongwe: amatipaka ufa kumaso, amatilanda nsapato, amanena chilichonse ndipo palibe wokwiya. Felistus atangolowa pageti, bana Shaun, mayi wa Chibemba wa pakamwa posatseka, anaimirira pakati pa azimayi n'kukuwa m'Chibemba kuti, "Fiseni amapepala ya ng'anda, ba ejenti bafika!" Bisani mapepala a nyumba! Anthu anaseka mpaka ena kugwetsa misozi yeniyeni, Felistus naye anaseka, ufa uli mbuu kumaso. Koma Chifubu yonse imadziwa kuti zimene ena amanong'ona, mbuya ndiye amazinena mokweza.

Kuyambira pamenepo makomo anayamba kuuma. Akagogoda ankamva kuti "agona", kapena "apita kuchipatala", chikhalirecho wodwala akutsokomola m'kati. Mabanja anayamba kubisa matenda kumphakati kuti iye asamve. Amayi ena akamuona akubwera ndi fulasiki ankachita chizindikiro cha mtanda ngati amva kadzidzi padenga.

Za kudwala kwa Josephine anazimva kumsika, kwa wogulitsa makala, patapita masiku. Anali atagwa kubafa, mbali imodzi yafa, kulankhula kukuvuta. Felistus anasiya tomato pathebulo, nathamangira kwawo kukaphika phala, lothira nsinjiro zambiri monga mnzakeyo ankakondera. Mkwiyo wonse unali utasungunuka. Panjira ankayeseza mawu oti akanene: amake Lorna, munanena zoona, ndine chitsiru.

Anapeza geti lokhoma. Amene anatuluka anali Lorna, mwana amene Felistus anamubereka kumsana, amene anamumeta tsitsi loyamba.

"Amami agona, anti."

"Ndidikira, mwanangu."

"Adokotala anakamba kuti asaonewe na anthu."

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi, pamene azimayi ena a mphakati ankalowa ndi kutuluka, bana Shaun ali patsogolo ndi beseni. Tsiku lina Felistus anagwira zitsulo za geti n'kuchonderera kuti angomuona nkhope basi, ngakhale pawindo. Lorna anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Anti, nikambe chabe zoona. Amami akalibe kufa. Nyumba ino sitigulitsa."

Felistus anaika fulasiki pansi pa geti n'kubwerera. M'mawa anaipeza pomwepo, yosatsegula, nyerere zitazungulira chivindikiro.

Tsiku lomwelo Ronnie anaimba foni, mawu ali myaa. "Mami, namva kuti anzanu aja adwala. Ija nyumba ili pakona, na malo kumbuyo. Tisachedwe." Felistus anamutukwana mawu amene sanawatchulepo chibatizidwire, namuuza kuti asadzapondenso pakhomo pake. Bizinesi inathera pomwepo. Koma kusiya kwake anakumva ndani? Mbiri yoipa ili ndi miyendo, yabwino imayenda ndi ndodo. Anapita kwa akulu a mphakati kuti akamupepesere kwa Lorna, iwo anati adikire mitima izizire. Anadikira.

Anamva kulira m'mawa wina akutsuka mbale, ndipo sanafunse kuti ndi kwa yani.

Pamaliro a Josephine anakhala kumapeto, pafupi ndi mulu wa nkhuni. Ambuya anapaka ufa aliyense wa kum'mawa, ngakhale ana, koma iye anamudumpha. Sanamunyoze, sanamulande nsapato. Kusiyidwa kumeneko kunamuwawa kuposa chipongwe chija. Atabwerako kumanda, bana Shaun anadzakhala pambali pake, nthabwala zonse zitamuthera, nalankhula Chinyanja chake chothyokathyoka.

"Mbuya, nili na mulandu na imwe. Uja munzanu, kamwa inali yokhota, koma zina yanu inali kumveka. Tsiku na tsiku, 'Amake Joel abwera?' Lorna anatikanizya kukamba. Tinali kuyankha ati awe, sanabwere."

"Simunamuuze kuti ndinali pageti?"

"Awe. Ndiye anakamba ati, 'Akali okwiya. Ninawalakwira na mau aja.' Anapempha ati tikamupepesere."

Felistus sanalire pamenepo. Analira kwawo, pansi pa malata ake atsopano, kulira kwa munthu amene alibe womuimba mlandu wokwanira. Lorna anali ndi chifukwa chake. Ronnie sanamukakamize. Josephine anapita m'manda akukhulupirira kuti mnzake wa m'basi ya ku Katete anamutaya chifukwa cha mawu, ndipo kumanda kulibe geti loti munthu n'kukagogoda.

Mwezi usanathe, kunamveka "odi" pakhomo. Anali Lorna, atavala chitenje mwaulemu, m'manja muli shuga ndi buledi. Anagwada pokhala, nafunsa za maondo, nayamikira malata. Kenaka anafika pa chimene anadzera.

"Anti, takambirana na abale anga. Ine nikhala ku Kitwe, ena ali ku Lusaka, palibe wamene azankhala muja. Tifuna kugulitsa mwamsanga. Manje imwe ndimwe muziba ogula. Ndimwe amai athu amene mwatsala."

Felistus anali ndi zambiri zoti anene, ndipo zonse zinali zowawa, koma chimene chinatuluka chinali china.

"Chipinda chimene anagonamo amako, ndingachione?"

"Ee, anti, tiyeni apa manje! Musade nkhawa, tapentamo kale. Wogula sangazibe kuti munali wodwala."

Anapita. Geti linali lotsegula mbali zonse ziwiri. Anadutsa pansi pa mango, nalowa m'chipinda chimene anachilirira pazitsulo masiku onse aja. Munalibe bedi, munalibe korona ya Josephine imene inkakhala pamsomali, ngakhale msomaliwo anali atazula. Makoma anali oyera mbee, fungo la penti lokhalokha. Anaima pakati, nafunafuna pamene mutu wa mnzake unkakhala kuti anenepo mawu aja anayeseza panjira. Anatseka maso kuti apemphere.

"Muona bwanji, anti?" anafunsa Lorna ali pakhomo. "Ingapite pa zingati?"

Ndipo chimene Felistus sadzadzikhululukira mpaka imfa ndi ichi: yankho anali nalo kale. Asanatseke maso aja anali ataona kuti khoma lilibe mng'alu, denga ndi louma, ndipo pawindo pakuoneka malo okwana tizipinda tinayi.