Bokosi la Katemera la Kezia

Kezia Kamwendo anayamba ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kuno kwa Dzoole pa 3 Febuluwale 2009. Tsikulo sindiliiwala, chifukwa mwana woyamba kumuyeza anali mdzukulu wanga, pa sikelo yopachikidwa mumtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Kuyambira pamenepo Kezia ankakwera ndi kutsika mapiri athuwa pa njinga, malipiro ake osakwana ngakhale matumba awiri a feteleza.

Lachiwiri pa 18 Okutobala 2022 alangizi anzake anagwirizana zokadandaula kuboma za malipirowo. Tsiku lomwelo masana amayi a kumudzi kwathu ankamudikira kuti abaye ana katemera wa chikuku. Kezia anali asanajombepo kusikelo. Anatenga katemerayo kuchipatala m'mamawa, namuika m'bokosi lozizira, n'kupita nalo kuzionetsero. Ankati pofika masana akhala atabwerako.

Apolisi anathira alangiziwo utsi wokhetsa misozi asanafike n'komwe pa ofesi ya zaumoyo. Anzake anathawa. Iye bokosi linamulemera, ndipo anamugwira.

Anandifotokozera yekha zomwe anakambirana kupolisi.

"Bwana, ine nditsekereni, koma bokosili liikeni pamthunzi. Madzi oundana akasungunuka, katemera awonongeka."

"Adokotala a pa njinga!" wapolisi wina anaseka. "Umenewu ndi umboni, mayi. Ukhala pomwe tauika."

"Ana akundidikira, bwana."

"Mukanawaganizira musanayambe kuimba mumsewu."

Bokosilo linakhala pakhonde, dzuwa la Okutobala likuliwomba, Kezia akuliona pazenera. Kuno amayi anadikira pansi pa mtengo wa mango mpaka mthunzi unasuntha, kenako anabereka ana n'kumapita.

Anamutulutsa pa 20 Okutobala popanda mlandu. Bokosi anamubwezera likutentha ngati mbaula. Pa 7 Novembala akuluakulu ake anamuimitsa ntchito, ati anawononga katemera wa boma. Za khonde lija palibe anafunsa.

Lero Kezia amagula mtedza kwa alimi pa Mponela, sikelo yake itapachikidwa pakhonde la golosale. Amayi ena a kumudzi kwathu akamuona amamasula mwana kumbuyo.

"Adokotala, tandiyezereniko uyu, sakudya bwino."

Iye amatsitsa thumba la mtedza, n'kumuyeza mwanayo. Akatero amawauza kuti za katemera apite kuchipatala, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi kuchokera kumudzi, chifukwa kwathu kuno sanatumizenso mlangizi wina.