Tsiku Limene Ndinathira Mchere Kawiri

Ndikukumbukira Loweruka lina m'nyengo yotentha, ndili sitandade 3, pamene ine ndi amayi tinakwera matola pa Lirangwe kupita ku ukwati ku Chileka. Sitinali oitanidwa ayi. Amayi ankapita kukaphika, ndipo ine anangonditenga chifukwa kunyumba kunalibe wondisiyira. Bambo anali atapita ku Joni chaka cham'mbuyo mwake, osatumiza ngakhale moni, ndipo chimanga m'nkhokwe chinali chitatsala pang'ono kutha mvula isanagwe n'komwe.

Ntchito yophikayo inali ya mayi Makwinja. Anali mayi wamfupi, wamawu otsika, amene anali ndi gulu lake la amayi ophika pa maukwati ndi pa zinkhoswe kuyambira kwa Chigaru mpaka ku Chileka. Miphika ikuluikulu inali yawo, dzina linali lawo, ndipo wolowa m'gulu limenelo ankadziwa kuti ana ake sagona ndi njala. Amayi anali atapempha malo kwa nthawi yaitali. Tsiku limeneli anawalola kuti abwere adzayesedwe, ndipo anawapatsa mphika umene alendo saukhululukira, wa nyama ya mbuzi.

Tinkaphikira kuseri kwa nyumba, pansi pa mitengo ya mango. Utsi unkaluma m'maso, anyezi ankalira m'mafuta, ndipo fungo la mpunga linkandikumbutsa kuti m'mawa ndinangomwa madzi. Ndege ikadutsa, ine ndekha ndi amene ndinkayang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa. Ana a ku Chileka sankatukula n'komwe mutu.

Amene munakulira m'tauni mwina simukudziwa izi. Kwathu, mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, poopa kudwalitsa odya. Amaitana mwana wamng'ono kuti amuthirire. Amayi onse aja anali opemphera, ena otsogolera nyimbo kutchalitchi, koma pa nkhani ya mchere panalibe wofuna kuyesa dala. Choncho nyama itayamba kufewa, amayi anandikodola mwakachetechete, nandilozera kuchuluka kwake, ine n'kuthira. Kenako ananyamula ndowa kupita ku mjigo.

Asanabwerere, panafika a Edina, mmodzi mwa ophika akalekale m'gululo, wapakamwa koma wamtima wabwino. Iwo anali ataona kuyambira m'mawa kuti amayi akuizemba paketi ya mchere, ndipo anafuna kuthandiza mlendo.

"Iwe Lusiya, tabwera kuno. Amayi ako sangathire, tathira mchere umu."

Ndinatsegula pakamwa n'kutsekanso. Kunyumba anandiphunzitsa kuti mwana sayankha akuluakulu, ndipo phunziro limenelo ndinalikhoza kuposa masamu. Ndinalandira mcherewo ndi manja awiri, n'kuthira mwaulemu wonse.

Mayi Makwinja anali ndi chizolowezi chozungulira miphika yonse ndi supuni yawo chakudya chisanapakulidwe. Atafika pa nyama analawa, natsinzina pang'ono. Anapatsira amayi supuniyo. Mpaka lero ndimawaonabe amayi akupukuta manja pa chitenje mobwerezabwereza, chonsecho manjawo anali ouma. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti ntchito imene tinaidikira nthawi yonse ija ikuthera mumphika umenewo. Chapatali, magalimoto ochokera kutchalitchi anali atayamba kale kuliza mahutala.

"Madzi akatayika saoleka," anatero mayi Makwinja. "Aliyense atenge mpeni, tisende mbatatesi."

Iwo ndi amene anayamba kukhala pansi ndi mpeni. Msuzi wina anaukhuthula, nathiramo madzi, tomato ndi mbatatesi zija kuti zimwe mchere. Unachepako ndithu, koma sunathe. Nyama inapita kwa alendo ikuwawabe.

Sipanapite nthawi, azakhali a mkwatibwi anatulukira kuseriko, duku lawo lalikulu likugwedera. "Mwatichititsa manyazi pamaso pa asewere athu. Waphika nyama imeneyi ndani? Ndimuone."

Ophika onse anayang'ana pansi, koma maso ena ankazembera kumene kunali amayi. Amayi anayamba kudzuka. Mayi Makwinja anawagwira paphewa n'kuwakhazikanso pansi, iwo eni n'kupita kukagwada patsogolo pa azakhaliwo.

"Wophika pano ndine, mayi. Awa ndi manja anga chabe. Zonse mundiuze ine, ndipo pepani kwambiri."

Azakhaliwo anawauzadi, ndipo sanawasiyire mawu. Mayi wamkulu ngati uja, wodziwika dera lonse, anangoti zyoli kumvetsera mpaka azakhaliwo anatopa okha. Ndinamva pambuyo pake kuti m'mawa mwake anabwererako ndi tambala wa m'khola mwawo kukapepesanso.

Dzuwa litapendeka, tikukwecha miphika ndi mchenga, mayi Makwinja anaitana amayi pambali, kenako a Edina, aliyense payekha. Pomaliza anaitana ine. Ndinapita ndikuyembekezera kumenyedwa khofi. Iwo ananjuta kuti maso athu alingane.

"Unathira kangati?"

"Kawiri."

"Nanga kachiwiriko bwanji sunanene?"

"Mwana sayankha akuluakulu."

Anaseka chapansipansi. "Anakulera bwino amayi ako. Koma pa moto panga, woona cholakwika amanena, kaya ndi wamkulu kaya ndi mwana. Wamva?"

Kenako anasonkhanitsa onse. Anati panalibe amene anachita mwano: wina anasunga mwambo, wina anafuna kuthandiza, mwana anamvera. Cholakwa chinali chawo, chifukwa zaka zonsezo anali asanakonze njira yodziwira mphika wothiridwa kale. Anatola khala paphulusa n'kujambula kamtanda pa chivundikiro. Kuyambira tsiku limenelo, wothira mchere ankayenera kusiya chizindikiro chimenecho. A Edina anati ndiye kuti awagulire magalasi oti azionera kamtandako, onse n'kuseka, ndipo kuseka kumeneko kunamasula aliyense.

Tikukweza miphika pagalimoto, mayi Makwinja anatembenuka ngati akukumbukira kanthu kakang'ono. "Amake Lusiya, Loweruka likubwerali tili kwa Chigaru. Mphika wa nyama ndi wanu." Amayi anangoti, "Zikomo mayi," koma njira yonse yobwerera ku Lirangwe anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka linachita dzanzi. Anaphika m'gulu limenelo mpaka tsitsi linachita imvi, ndipo ine sukulu ndinaimaliza ndi miphika imeneyo.

Lero ndili ndi malo anga odyera ku Chileka, ndi antchito angapo. Ndakhalapo pa maphunziro a utsogoleri m'mahotela a mu Blantyre, kumene amatipatsa madzi a m'botolo n'kutiuza zinthu zabwino ndithu. Koma kasitomala akakwiya, mtima wanga ukafuna kuloza chala mtsikana wa kukhitchini, chimene chimandibweza ndi dzanja lija paphewa la amayi. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ine ndinauona mutu wotero ukuzilandira utagwada pa fumbi, pofuna kuti mayi wosauka amene sunkamudziwa n'komwe bwino asapite kwawo chimanjamanja.

Zambiri zasintha. Ophika pa maukwati masiku ano amabwera ndi mbaula za gasi ndi zipewa zoyera, ntchito amaipeza pa foni, ndipo atsikana anga akamva za kuitana mwana kuti athire mchere amaseka. Mabwana achuluka, koma ambiri chikalakwika amayamba afunsa kuti wachita ndani.

Mayi Makwinja anatisiya chaka chatha. Pamaliro pawo, amayi, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anakana kukhala pamphasa ndipo anakakhala pafupi ndi mphika wa nyama. Msinkhu wofuna mwana wowathirira mchere anaudutsa kalekale. Komabe nyama itafewa anandikodola monga tsiku lija, ine mayi wa ana anga, nandilozera kuchuluka kwake. Nditathira, anandigwira dzanja n'kuikamo khala. Ndinajambula kamtanda pa chivundikiro, ndipo apo m'pamene tonse awiri tinayamba kulira.