Mudzi Umene Alembi Anafufuta

Kompyuta ya gulu la alimi a mbatatesi, kumtunda kwa Chimbiya, inali yakale moti zithunzi inkazikana. Pulogalamu yosungira mayina a alimi inkayenda pa sikirini yakuda: ulembe lamulo, udine batani, iyo iyankhe ndi mzere umodzi. Ntchito yanga inali yophunzitsa alembi a gululo, bambo achikulire amene anasunga mayinawo m'kabuku kwa zaka zambiri.

Ndinawakonzera kapulogalamu kophunzirira. Kankafunsa, iwo n'kulemba lamulo. Akaphonya kankawalozera pomwe alakwitsa, akakhoza kankati, "Mwakhoza, pitirizani." Maphunziro anali asanu: kulowetsa dzina, kulifufuza, kulikonza, kulifufuta, ndi kufufuta mudzi wonse. Ukatseka n'kutsegulanso, zonse zinkabwerera mwakale.

Poyamba ndinaikamo mayina opeka. Alembi anakana.

"Ameneyu ndi mwana wa yani?" anafunsa, chala chili pa sikirini.

"Palibe, bambo. Ndangopeka."

"Ndiye ndizilemba munthu woti kulibe? Mawa anthu adzati ndikugawira mbewu mizukwa."

Ndinaseka, n'kukoperamo mayina enieni a alimi ndi midzi yawo. Apo anayamba kuphunzira ndi mtima wonse. Ankafika nkhungu isanachoke, zala zitauma ndi chisanu cha mu Juni, n'kumalemba ndi chala chimodzi. Phunziro lachisanu ndilo ankalikonda. "Taonani, aphunzitsi, ndawapirikitsa onse akutsidya kwa dambo," ankatero, "koma abweranso pompano."

Chimodzi chokha sindinachite: kusiyanitsa maonekedwe. Sikirini yophunzirira ndi yeniyeni zonse zinali zakuda, zilembo zoyera, mayina omwewo.

Lachinayi lina ine ndili ku Boma, alembi anatsegula pulogalamu yeniyeni akuyesa yophunzirira. Anafufuta mudzi wa kutsidya kwa dambo, n'kutseka, n'kupita kwawo. Loweruka mbewu inagawidwa motsata mndandanda wosindikizidwa, ndipo mudziwo munalibe. Tsoka lake, aliyense ankadziwa kuti alembi anakanganapo ndi anthu akutsidyawo pa malire a dimba.

Msonkhano unachitika Lamulungu, Misa itatha. Nkhani inali imodzi: alembi achotsedwe kapena ayi.

"Kompyuta ilibe dimba," anatero mayi wina wakutsidya. "Wodana nafe ndi munthu."

Ndinaimirira n'kunena kuti wolakwa ndine. Ndinatsegula mapulogalamu awiriwo moyandikana kuti onse aone.

"Nanga yeniyeni ndi iti?" anafunsa apampando.

Ndinayang'ana. Ndinaloza yakumanzere, kenaka ndinabweza chala. Ine mwini wake ndinayenera kufufuza kaye mudzi wosowawo kuti ndidziwe. Anthu ena anaseka. Alembi sanaseke.

Sanachotsedwe. Mayina tinawabwezeretsa tsiku lomwelo, kuwakopera m'kapulogalamu kophunzirira komwe kaja. Koma mbewu yabwino inali itapita, ndipo akutsidya analandira zotsalira, zing'onozing'ono, zina zitayamba kuwola. Mayi uja ananyamula thumba lake osayang'ana aliyense.

Lolemba ndinasintha sikirini yophunzirira kukhala yobiriwira, pamwamba n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti AWA NDI MAPHUNZIRO CHABE. Ntchitoyo inanditengera mphindi khumi zokha.

Alembi anaiyang'ana, n'kugwedeza mutu.

"Yakongola, aphunzitsi."

Anatulutsa kabuku kawo kakale m'thumba la jekete, nanyowetsa chala ndi malovu, n'kuyamba kufufuza tsamba la akutsidya. Kompyuta ija sanaikhudzenso.