Zilembo Zonga za pa Lole

Lachisanu, Julayi 2001

Ndadzuka wonyada lero, poti dzulo ndinamaliza kukopera bambo ndime yoti akawerenge kutchalitchi Lamulungu. Maso awo akuchita chifunga kuyambira chaka chatha, ndipo zilembo za m'Baibulo lawo zawachepera. Sabata yatha anaima pakati pa vesi, mpingo wonse ukudikira. Akuluampingo anati akadodomanso, ntchito yowerenga aipereka kwa wina. Bambo akhala akuwerenga mawu pamenepo kuyambira ndisanabadwe.

Ndinalemba kalembedwe kanga kabwino kaja, kolumikiza zilembo ndi michira yopiringizika, kamene aphunzitsi amaonetsa kalasi yonse. Bambo anayandikitsa pepalalo kumphuno, kenako analitembenuzira kudzuwa.

"Mwanangu, wandilembera mawu kapena wandijambulira maungu oyanga?"

"Komatu ndazikulitsa, bambo."

"Kukula zakula. Koma zonse zagwirana manja ngati zikuwoloka mtsinje."

Zinandiwawa, sindinama.

Masana ndinawaperekeza kuchigayo, kumsewu wa tala, kumene malole amandanda podikira kulowa ku Zambia. Tili chapatali ndithu, bambo anawerenga mokweza mawu olembedwa pambali pa lole ina, osaphonya. Ndinaima n'kuziyang'anitsitsa zilembozo. Zinali zonenepa, zoongoka, zopanda michira, zakuda pa penti yoyera, chilichonse chitaima pachokha. Apo ndinazindikira kuti ndinalembera maso a aphunzitsi, osati a bambo.

Pobwerera ndinabwereka cholembera chonenepa kwa aneba athu, chimene amalembera pa mabelo a fodya. Ndinang'amba tsamba la kalendala yakale, ndipo kuseri kwake koyerako ndinalemba mavesi awiri mwa kalembedwe ka pa lole. Kanali konyansa kuona, koma bambo anawerenga vesi loyamba lonse osapumira. Pa lachiwiri anadumpha mzere umodzi.

"Mizereyi yathithikana," anatero. "Diso likabwerera kumanzere likusokera."

"Ndiye kuti zilembozo zili bwino?"

"Zilembo zili bwino. Ukamaliza sukulu ukalembedwe ntchito yopenta malole."

Amayi anaseka mpaka kutaya madeya.

Mawa m'mawa ndilembanso ndime yonse, ndipo pakati pa mizere ndizisiya mpata wolowa zala ziwiri. Kalendala ikadali ndi masamba asanu, akwana. Ndikatha ndiwaimika bambo pakhonde, awerenge mokweza katatu, ine ndi amayi tikhale mpingo wawo.